Tenti Yomwe Tinapita Nayo Kudamu

Mpaka lero munthu akandifunsa kuti kampingi n'chiyani ndimasowa poyambira. Ndinapitako kamodzi, ndinagonako, udzudzu wake unandiluma, koma mukati ndifotokoze cholinga chake ndiye mwandipeza. Nkhaniyi inabwera ndi mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku Lilongwe. Anati cha ku Kapondo kuli esiteti yakale ya fodya yomwe ili ndi damu ndi nkhalango, ndipo anthu amachoka m'tauni ndi magalimoto awo kukagona m'matenti m'mphepete mwa madziwo. Ndinamufunsa ngati anthuwo nyumba zawo zinapsa. Anati ayi, amapita dala, ndipo amachita kulipira. Ine amene ndinakulira m'nyumba ya udzu yodontha, n'kuvutika zaka ndi zaka pamsika wa paboma ndikugulitsa zitenje za ku Chipata kuti tikhome malata, ndinangomuyang'ana.

Komabe ndinavomera, ndipo chifukwa chake chinali bambo ake. Chaka chimenecho amuna anga anagwa ndi sitiroko ali pantchito yawo ya ukalipentala. Dzanja lamanzere ndi mwendo zinafooka, pakamwa panapotoka pang'ono, mawu ankatuluka mokoka. Kuchipatala anatiuza mosabisa kuti mwendowo ukhoza kubwerera ngati mwini wake aziuyendetsa, koma akaugoneka ugoneratu. Anatiphunzitsa mafizo, anatipatsa ndodo. Titafika kunyumba ndodoyo inakaima kuseri kwa chitseko ndipo inakhazikika komweko. Bambowa anagona pamatiresi n'kuyang'ana kukhoma. Kukabwera odzawaona, kaya a kumpingo kaya anzawo a kushedi, ankakoka chitenje n'kudziphimba kumutu mpaka alendowo atatuluka. Munthu amene kale sankatha kudutsa pamsika osaima pabenchi iliyonse kucheza tsopano ankadana ndi diso la munthu.

Ine ndinayesa zonse zimene ndimazidziwa, ndipo chimene ndimachidziwa kwambiri ndi kukalipa. M'mawa ndinkawasambitsa ndikukalipa, ndinkawadyetsa phala ndikukalipa, kenako n'kuthamangira kumsika. Sindinkalola kuti andione nditafooka. Koma mwendo uja unkanka nuwonda ine ndikuona, ndipo ndinkachita mantha kuti munthu uyu sadzadzukanso, osati chifukwa matenda amukaniza, koma chifukwa mwini wake sakufuna. N'chifukwa chake mwana atati mwina mphepo ya kwina, kumalo kopanda owadziwa, iwasintha maganizo, ndinati tiyeni. Eni akewo titawauza sanavomere ndipo sanakane.

Mwanayo anafika Lachisanu madzulo ndi kachikwama kakang'ono ngati pilo, n'kunena kuti tenti ili m'menemo. Anaitambasula pabwalo kuti ndione. Kanali kanthu kofupika, kolowa chokwawa, kotseka ndi zipi ngati siketi. Ndinamufunsa kuti bambo ake alowamo bwanji poti ngakhale kugwada sakutha. Anakanda m'mutu. Za zimenezo anali asanaganize, chifukwa pafoni pomwe anaonera zinthuzi onse ogona m'matenti anali ndi miyendo yawo yonse.

Apa mpamene ndinakumbukira tenti yathu. Ife amayi a pamsika tili ndi gulu lothandizana pa zovuta. Tinasonkherana n'kugula tenti yaikulu yobiriwira, ya zitsulo, yomwe timakaimika pakhomo pa mnzathu akaferedwa, ndipo popeza kwathu kuli kachipinda kokiya, imasungidwa kwathu. Munthu amalowamo ali chiimire, mpweya umapita bwino, matiresi amakwana ngakhale anayi.

"Amayi, imeneyotu ndi ya maliro," anatero mwanayo.

Ndinamuuza kuti nsalu siidziwa maliro. Tenti yomweyo inagwirapo ntchito pa chinkhoswe cha mwana wa mnzathu wogulitsa tomato, ndipo palibe anafa. Anafuna kutsutsa, koma amandidziwa mayi ake.

Anatinyamula ndi aneba athu, bambo wachisilamu amene ali ndi golosale kutsogolo kwa nyumba yathu. Nditawafotokozera za ulendowu anafunsa kawiri ngati akumva bwino, kenako anangoti, "Chabwino mayi, bola abambo apitidwe mphepo." M'mawa mwake anabwera ndi pikapu yawo ndi mng'ono wawo. Awiriwo ananyamula amuna anga ndi matiresi omwe n'kuwagoneka kumbuyo, zitsulo za tenti mbali ina, mbaula, ndowa ndi mabulangete mbali ina. Mwana anakhala kutsogolo. Ine ndinakhala kumbuyo pambali pa bambo ake, nditamanga duku mpaka m'maso ndi chitenje m'mapewa, chifukwa unali mwezi wa Ogasiti, wa mphepo ndi fumbi.

Titasiya tala msewu unayamba kutigwedeza. Bambo anabuula, ndinagogoda pagalasi, aneba anachepetsa liwiro mpaka galimoto inkangokwawa. Anayatsanso magetsi aja ophethira mbali zonse kuti malole obwera m'mbuyo azitiona m'fumbimo. Tinayenda choncho mtunda wautali, kudutsa minda yokololedwa kale ndi zigafa za fodya zopanda kanthu. Titalowa m'mudzi womaliza tisanafike kudamuko, bambo atangomva mawu a anthu anachita zawo za masiku onse, anakoka chitenje n'kudziphimba kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

Ndinaona anthu akuima m'mbali mwa msewu. Bambo wina anatsika panjinga n'kuvula chipewa. Amayi pamjigo anasiya kupopa n'kupinda manja. Anyamata amene ankasewera bawo pansi pa mtengo wa mango anaimirira onse. Ine ndinaweramitsa mutu chifukwa cha fumbi, ndipo ndinanong'oneza amuna anga kuti anthu a kuno ndi aulemu, osati a paboma amene galimoto ikamadutsa amangoitukwana.

Titafika pamalo akewo ndinayamba kufunafuna ndi maso kuti tikutsikira pati. Damu linalipo ndithu, losakula kwenikweni, lozunguliridwa ndi bango, akakowa ataima m'mphepete. Mitengo inalipo yambiri, ya mombo ndi ya masuku, yoti kwathu kuno siionekanso kawirikawiri. Koma kupatula apo panali bwalo lolambulidwa, mafuwa atatu ndi phulusa lakale, ndi chimbudzi chokumba cha mpanda wa udzu chopanda chitseko. Mpopi panalibe, nyumba panalibe, ngakhale mlonda amene mwana anati timupeza panalibe.

"Nanga malo walipira aja ali kuti?" ndinafunsa.

"Ndi pompano, amayi."

"Ndiye tikatsika tizitani?"

"Tizingokhala. Tizimvera mbalame."

Ndinaganiza kuti mwina pali china chimene sakundiuza. Mbalame kwathu ziliko, ndipo sitilipira. Koma aneba anali atayamba kale kutsitsa zitsulo, choncho ndinasunga mafunso anga. Tinaimika tenti ija mwachangu poti ine ndimaidziwa chitsulo chilichonse. Ilibe makoma, ndiye mbali imodzi ndinamangirira zitenje zanga zogulitsa kuti zitchinge mphepo, n'kupanga kachipinda. Aneba ndi mng'ono wawo anatsitsa bambo ali chiphimbire n'kukawagoneka m'menemo. Anatsanzika, anati adzatitenga mawa lake dzuwa likapendeka.

Galimoto itapita kunangoti zii. Ndinayang'ana uku ndi uku. Moyo wanga wonse sindinakhalepo pansi masana popanda chogwira, ndiye ndinathyola nthambi n'kuyamba kusesa. Mwana anati ndisasese, masambawo ndiye kukongola kwa malowo. Ndinasesabe. Nditamaliza ndinakoleza moto, ndinatunga madzi, ndinayala mbale pamwala, ndipo ntchito inatha dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe. Ndinasuzumira kwa bambo, ndinapeza ulendo uja wawatopetsa, agona tulo teniteni. Mwana anaimika katenti kake pambali, kenako anati akuzungulira tsidya lina la damu kukasaka netiweki ndi kuviika mapazi m'madzi. Ndinamuuza kuti asamale. Sadziwa kusambira, chifukwa bambo ake anataya mng'ono wawo mu mtsinje wa Bua ali ana, ndipo sankalola mwana wawo aliyense kuyandikira madzi akuya.

Nditatsala ndekha ndinakhala pandowa yovundikira, manja ali pamiyendo, kuyesa kuchita kampingiyo. Ndinamvera mbalame monga anandiuzira. Zinkalira ngati mbalame.

Posakhalitsa ndinaona amayi atatu akutuluka m'kanjira ka m'nkhalango atasenza nkhuni. M'mbuyo mwawo munali ena, wina ndi beseni lovundikira, wina ndi chidebe cha madzi. Sanaodire mokweza. Anatula nkhuni pafupi ndi moto wanga, anagwada pang'ono, n'kukakhala pansi m'mphepete mwa tenti atatambalala. Ndinati awa ndi ogulitsa, amva kuti kwabwera a paboma. Ndinadikira kuti atchule mtengo kuti ndiyambe kunenerera, poti zimenezo ndiye zanga. Palibe anatchula kanthu. Onse anangozyolika.

Kenako ndinaganiza kuti mwina izi zili m'gulu la zimene mwana analipira, kuti pa kampingi amakutumizira anthu okukhazika. Ndinatulutsa foni kuti ndimufunse, koma netiweki inali itapita ndi iyeyo tsidya lija. Anthu ankabwerabe. Kunafika azibambo, iwo anakakhala paokha pansi pa mtengo wa masuku, ena pazipika, zipewa zili m'manja. Mutu wanga unaima. Ndinayang'ana mbale zanga zitatu ndi kapaketi ka masamba a tiyi, n'kudzifunsa kuti khamu lonseli ndilidyetsa chiyani.

Ndiye mayi wina wachikulire, wa duku loyera, anayamba kusisima chapansipansi. Wina kumbuyo anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, ija timaimba tikamachezera mnzathu, ndipo onse anailandira. Apa ndinazindikira kuti awa ndi maliro. Chimene sindinadziwe n'chakuti ndi a yani. Ndinaganiza kuti mwina wina wamira m'damumu ndipo akudikira kuti thupi liyandame. Ndinaganizanso kuti mwina manda a mudziwu ali m'nkhalango momwemu, ndipo ife mwa umbuli wathu taimika tenti pamalo pomwe anthu amasonkhanira. Manyazi anandigwira. Anzathu ali pa chisoni, ife tabwera kudzamvera mbalame.

Tsono kwathu kuno munthu ukapeza anzako akulira sufunsa uli chiimire kuti wamwalira ndani. Umayamba wakhala pansi n'kulira nawo, dzina la malemu umalimva pambuyo. Ndi mmene ndinaleredwera, ndi mmene timachitira pagulu lathu la pamsika. Choncho ndinavula masilipasi, ndinakonza duku, n'kupita chowerama kukakhala kumapeto kwa mzere. Koma amayi aja anasendera n'kundipatsa njira, wina anandigwira dzanja, mpaka anandikhazika pakati penipeni, msana wanga utatsamira zitenje zija. Ndinadabwa ndi ulemu wotere kwa mlendo. Mayi wa duku loyera anandigwira paphewa.

"Pepani, amayi," ndinatero.

"Pepani ndinu, mwana wanga," anayankha.

Mumtima ndinati ndi mayankhulidwe a kuno.

Ndinayamba kulira mwa mwambo chabe, monga timachitira pa maliro a munthu amene sitikumudziwa, mawu pang'ono, chitenje kumaso. Koma nyimbo ija inali yomwe tinaimba poika mayi anga, ndipo dzanja la mayi uja linali lofunda paphewa panga. Chiyambire matenda a amuna anga panalibe munthu amene anandigwirapo choncho. Onse ankanditamanda kuti ndine wolimba. Sindikudziwa kuti zinasintha nthawi yanji, ndinangozindikira kuti ndikulira zenizeni, kulira kochokera m'mimba, mamina ndi misozi pamodzi. Ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu amene sindinawakonze. Ndinkati bambo inu dzukani, ndinkati ndiyankhuleni, ndinkati mukundisiyira yani ine. Amayi aja atamva zimenezo anakweza kulira, ena anandizungulira, wina ankandipukuta kumaso. Penapake m'mutu mwanga ndinkadziwa kuti ndikulanda maliro a eni ake, koma ndinalephera kusiya.

Tili mkati molira choncho ndinamva chitsulo cha tenti chikugwedezeka kumsana kwanga. Ndinayesa mphepo. Chinagwedezekanso, zitenje zinayamba kukokeka, kenako chimodzi chinathothoka n'kundigwera pamutu. Nditachichotsa ndinaona mapazi. Amuna anga anali chiimire, dzanja lamanja litakakamira chitsulo, mwendo wodwala uja ukunjenjemera, thukuta lili kamukamu, chitenje chawo chikulendewera paphewa.

Nyimbo inadukira pakati pa mawu. Amayi a kumapeto anadzambatuka n'kuliyatsa liwiro kulowa m'nkhalango, masilipasi n'kutsala. Beseni la ufa linagubuduka. Kwa azibambo kuja ena anaimirira, mmodzi anabisala kuseri kwa mtengo. Mayi wa duku loyera sanathawe, anangonditsina paphewa n'kutchula dzina la Yesu motsitsa.

Bambo sanayang'ane aliyense wa iwo. Anayang'ana ine.

"Mwana ali kuti?" anafunsa. Mawuwo anatuluka mokoka, koma ndinawamva bwinobwino.

Nthawi yonse ija ndinkaganiza za munthu womira m'damu, koma sizinandifikire kuti wanga yemwe ali kumadzi komweko. Nanga bwanji anandikhazika pakati? Nanga bwanji anati pepani ndinu? Ndinaponya maso kudamu kuja kumufunafuna.

Mwamwayi sizinatenge nthawi. Mwanayo anatulukira m'kanjira ka kumsewu, mapazi ali matope, atanyamula nthambi yaiwisi.

"Amayi, anthu aika masamba pamsewu wolowera kuno. Kodi kwagwa zovuta?"

Atatero anaona bambo ake ali chiimire. Nthambi ija inagwa, foni inagwanso, anangoti, "Adadi," n'kugwira pakamwa.

Aliyense ankayang'ana mnzake. Potsiriza bambo wina wachikulire wa jekete lakuda anachoka pagulu la azibambo, anabwera pang'onopang'ono, n'kunjuta chapatali ndithu. Anaomba m'manja mofatsa.

"Pepani mayi, tifunse nawo. Thupi lija mwadutsa nalo pagalimoto m'mawa lili kuti?"

"Thupi liti?"

Sanaloze ndi chala. Anangotembenuzira maso kwa amuna anga, kenako kumatiresi opanda munthu aja, kenako kwa ine.

Zinatenga nthawi kuti timvane, chifukwa aliyense ankafotokoza zake. Iwo anati anaona galimoto ikuyenda pang'onopang'ono magetsi akuphethira, kumbuyo kuli munthu wophimbidwa mpaka kumutu, pambali pake mayi wozyolika, ndi zitsulo za tenti. Ana okatola nkhuni anabwera kudzanena kuti tenti yaima ndipo thupi alilowetsa kuseri kwa nsalu. Kuseri kwa nkhalangoyo kuli manda akale a matenanti a pa esiteti, anthu ochokera kutali amene ankalima fodya pamenepo, ndiye anaganiza kuti tabweretsa mmodzi wa iwo kuti adzagone pafupi ndi abale ake. Anadabwa kuti sitinatumize uthenga, koma anati alendo osadziwa njira sungawasiye okha ndi maliro. Bamboyo ananenanso, akuyang'ana pansi, kuti adzukulu apita kale kukatenga makasu, ndipo anatuma munthu kuti athamange akawaletse.

"Nanga inu mayi mumalira ndani?" anandifunsa.

Ndinati ndimalira maliro awo. Anati iwo alibe maliro, amalira anga. Tinayang'anana.

"Tsono ngati si zovuta, mwabwera kudzatani kuno?"

Mwana wanga anayesa kufotokoza za kampingi. Bamboyo anati amawaona ndithu obwera kudzagona kuno, koma amakhala azungu kapena mabwana a m'tauni, ndi timatenti tawo tating'ono ndi mabotolo, ndipo sabwera ndi odwala. Anatembenukira kwa ine monga munthu wamkulu mnzake.

"Kunyumba kwanu kwatani, mayi?"

"Kulibe chimene chachitika."

"Nyumba ilipo?"

"Ilipo, ya malata."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Pa nkhani imeneyi ine ndinali mbali yawo.

Koma mtima wanga sunali pa zimenezo. Unali pa amuna anga, amene nthawi yonseyi anali atagwirabe chitsulo, mwana atawachirikiza m'khwapa. Ndinkaopa kuti munthu amene ankabisala kwa anzake a kumpingo, lero waonedwa ndi mudzi wonse, ndipo mudziwo wamuimbira nyimbo ya maliro ali moyo. Ndinkaopa kuti aziti ndi malodza, kapena kuti ine ndinabweretsa tenti imeneyi ndi cholinga. Ndinati akagonanso ulendo uno ndiye sadzadzukanso mpaka kalekale. Ndinapita kukawagwira kuti ndiwabwezere pamatiresi ndi kumanganso chitenje chija.

Anakana. Anandichotsa dzanja, n'kuloza ndi chibwano kumtengo wa masuku komwe kunali azibambo. Bambo wa jekete uja anazengereza pang'ono, kenako anabwera n'kuwagwira mbali yodwalayo. Anayenda. Phazi linkakhwekhwereza m'dothi n'kusiya mzere, ankaima n'kupuma, koma anakafika. Wina anawapatsa chipika. Atakhala pansi ndinaona mapewa awo akugwedezeka, ndinathamanga poyesa kuti matenda abwereranso, koma ndinapeza akuseka, pakamwa popotoka pomwepo, misozi ikutsika. Azibambo aja anayamba kuseka nawo mmodzimmodzi, mpaka uja anabisala kuseri kwa mtengo anatuluka n'kudzawagwira chanza, akuti afune atsimikize kuti n'chofunda.

Amayi othawa aja anabwerera mmodzimmodzi kudzatola masilipasi awo, atagwira pakamwa. Nkhuni ndi ufa anakana kubwerera nazo, anati adutsa nazo bwanji m'mudzi anthu akuwaona. Choncho tinaphika pomwepo, wina anakatenga nkhwani, wina usipa, tinadya tonse pansi pa tenti. Ine ndinkangoponya maso kwa azibambo kuja. Amuna anga ankayankhula. Mawu akakanirira, bambo wa jekete ankadikira osawathandiza, anati mkulu wake anadwalapo matenda omwewa ndipo ankadana n'zoti anthu azimumalizira mawu. Ndinamva akukambirana zoti mtengo wa mombo suchita bwino matabwa. Mwana wanga anakhala pambali panga osadya, akungoyang'ana bambo ake. Ndinamufunsa chapansipansi ngati kampingi imakhala chonchi nthawi zonse. Anati sakudziwa, nayenso kanali koyamba.

Potsanzika mayi wa duku loyera anandikokera pambali. "Koma mwana wanga, munalira ngati mwini maliro ndithu," anatero. Ndinaseka kuti ndibise manyazi. Iye sanaseke, anangondisisita pamkono n'kumapita.

Usiku wake palibe chokamba. Kunazizira, achule anasokosa, udzudzu unalowa pansi pa zitenje ngati waitanidwa, ndipo ndinagona ndikuganizira bedi langa lomwe linali lokha m'nyumba yokiya.

Kutacha ndinadzuka kukakoleza mbaula. Padamu panali nkhungu, mwana anali asanatsegule zipi yake. Nditabwerera kuti ndikawadzutse bambo, ndinapeza akhala kale tsonga okha, bulangete lili m'miyendo. Ndinatenga thaulo kuti ndiwapukute kumaso monga mwa masiku onse, pakamwa panga patakonzeka kale kuyamba zanga zija. Anandigwira dzanja.

"Dzulo nditadzidzimuka," anatero pang'onopang'ono, "ndinaona denga la tenti iyi. Ndimaidziwa. Ndinamva nyimbo. Ndinati basi, ndapita, ndipo sindinamve n'kuwawa komwe."

Ndinafuna kuseka, koma nkhope yawo sinali ya nthabwala.

"Kenako ndinakumbukira madzi. Ndinati ndi mwana. N'chimene chinandidzutsa." Anapuma. "Koma ndili chiimire kuseri kwa nsalu ndinamva mawu anu. Amayi, munkalira ndani?"

Ndinati sindikudziwa, ndinkangothandiza anthu. Anandiyang'anabe. Takhala limodzi zaka zambiri, bodza langa amalidziwa likadali pakhosi.

"Ndinkalira inu," ndinatero.

Anayang'ana dzanja lawo lodwala lomwe linali pabulangete.

"Chidwalire changa simunalirepo," anatero. "Mumangokalipa, n'kumapita kumsika. Ine ndimati mwatopa nane. Ndimati mukungodikira."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa chilichonse chimene ndinamva kuchipatala. Miyezi yonse ija ndinkadzimanga kuti ndisagwetse msozi, ndikuyesa kuti ndikuwalimbitsa mtima, pamene munthu ali kukhoma kuja ankawerenga nkhope yanga youma n'kupezamo zimenezo. Ndinafuna kukalipa kuti angaganize bwanji zotere za ine, koma ulendo uno ukali sunabwere. Ndinakhala pamatiresi pambali pawo.

"Ndimaopa kuti mukandiona ndikulira muziti zatha," ndinatero.

Anandisiya ndilire, ndipo ndinalira pang'ono, mopanda nyimbo, iwo atandigwirabe dzanja. Ketulo inayamba kuwira panja. Nditati ndidzuke ndikaiphule anandikoka.

"Isiyeni. Ndigwireni mbali iyi, ndikufuna ndikaone madziwo pafupi."

Ndinalowetsa phewa langa m'khwapa mwawo, anadzikoka ndi chitsulo, tinaimirira. Kuchokera patenti kukafika pabango si patali, koma tinapuma kangapo, ndipo pamene tinkabwerera madzi a tiyi anali ataphwera m'ketulo.